Mitolo Itatu ya Nambala Seveni

M'mawa uliwonse, belu la pa fakitale lisanalire, a Chakanidwa ankatsegula diroo ya tebulo lawo, n'kutulutsa zidindo ziwiri, n'kuziuzira mpweya ngati munthu wopukuta magalasi. Kenako ankadinda pa kapepala, chobiriwira kaye, chofiira pambuyo, n'kukakweza kapepalako ku kuwala kwa pa windo. Akaona kuti zilembo zonse zatuluka bwinobwino, ankakang'amba pakati, n'kukaponya mu bini, ndiye kuti tsiku layamba. Zaka makumi awiri ndi chimodzi sanaphonyepo. Ngakhale tsiku limene anakazulitsa dzino, anayamba adinda kaye.

Fakitaleyo inali yosoka mayunifolomu: mabuluku a alonda, maovolosi a amakanika, malaya oyera a ophika m'mahotela. Matelala ankakhala m'mizere mu holo yaikulu, makina ali pokopoko kuyambira m'mawa. Chovala chilichonse chisanalowe m'katoni chinkadutsa m'kachipinda ka kumapeto, momwe munali tebulo lalitali, getsi lowala kwambiri, tepi yoyezera, ndi a Chakanidwa. Ntchito yawo inali kuyang'ana. Ankatembenuza buluku kunja mkati, kukoka msoko, kutsegula ndi kutseka zipi katatu, kenako kuliyerekeza ndi chitsanzo chimene chinkalendewera pa msomali kukhoma. Likafanana ndi chitsanzo, chobiriwira. Likasiyana, kaya pang'ono chotani, chofiira.

Pa chidindo chilichonse panali liwu limodzi la Chingerezi. La pa chobiriwira linkati chinthu chavomerezedwa, la pa chofiira linkati chakanidwa. Basi. Wavomereza ndani, wakana ndani, chifukwa chake n'chiyani, chidindo sichinkanena, ndipo n'chimene mkuluyu anachikondera Chingerezi. Ankati eni chilankhulocho ndi ochenjera. Amangolemba pa chitseko kuti chatsekedwa, pa nyumba kuti yagulitsidwa, pa katoni kuti yawonongeka, ngati kuti zinthuzo zadzichitikira zokha, ndipo iwe umasowa munthu womukwiyira. Iwonso anatengera zomwezo. Telala akabwera ndi mtolo wake, maso ali psuu, n'kufunsa kuti, "Bambo, mwaukaniranji?" iwo ankatambasula manja.

"Ine? Ine sindinakane kanthu, mwanawe. Wakanidwa."

"Nanga walakwika pati?"

"Telala amene walephera kuona cholakwa chake ndi maso, angachione ndi makutu?"

Dzina lawo linachokera pamenepo, ndipo linakakamira ngati chingamu ku nsapato. Ngakhale a kapitawo, mayi wamtali wa mawu ngati wailesi, ankaiwala n'kuwaitana choncho pa msonkhano.

Sikuti anali munthu woipa mtima, ayi. Anali kamdala kafupi, ka dazi lonyezimira, kopisira malaya ngakhale Loweruka, kopereka moni kwa aliyense mpaka kwa galu wa pa geti. Kungoti matenda oyang'anawa ankawatsatira mpaka kunyumba. Tsiku limene mwana wawo wamkazi anabweretsa mnyamata woti amukwatire, iwo anakhala phee nthawi yonse, maso ali pa chifuwa cha mlendoyo. Atachoka, ananong'oneza akazi awo kuti batani lachitatu linasokedwa ndi ulusi wosiyana ndi anzake.

"Abambo," anatero mayiwo, "mwanayu akukwatiwa ndi munthu, osati malaya."

Mayiwo nawonso anali telala, koma wa pakhonde. Zaka zonse za ukwati anazithera pa makina opalasa ndi mapazi, kuika zigamba, kufupikitsa masiketi, kukulitsa madiresi a anthu amene ankalumbira kuti sananenepe, nsalu ndiyo yafota. Makinawo anakalamba mpaka wokonza anapukusa mutu n'kunena kuti, "Mayi, awa mungoikapo maluwa pamwamba." Ana onse atatu anali atachoka, ndipo nyumba inangoti zii. Mayiwo ankasesa posesedwa kale, kenako n'kukhala pakhonde manja ali pamwendo, kuyang'ana anthu opita ku ntchito. Ndiye atamva kuti fakitale ikufuna matelala atsopano, anakalembetsa okha, osafunsa munthu.

"Amayi," anatero a Chakanidwa atamva, "makina a kumene kuja ndi amagetsi. Amathamanga ngati galu wolumidwa ndi mavu. Ndiye pa msinkhu wanuwu..."

"Msinkhu wanga watani? Inu mumandiposa ndi zaka zisanu, koma mumapita daily ngati dzuwa."

"Ine ndimangoyang'ana."

"Eetu, ndikudziwa. Enafe tizisoka."

Lamulo la pa fakitale linali lomveka. Ofuna ntchito ankayesedwa sabata imodzi. Ankakhala paokha pakona ya holo, ndipo aliyense ankasoka mtolo umodzi wa mabuluku khumi patsiku. Pa mtolo sipankalembedwa dzina, koma nambala, ndipo nambalayo ankaidziwa mwiniwake ndi a kapitawo basi, kuti woyang'ana asakondere. Amene mitolo yake yadindidwa chofiira katatu, ankamuuza kuti asabwerenso.

Lamlungu madzulo mayiwo anaikanso lamulo lawo.

"Nambala yanga musandifunse. Za ku ntchito zizithera pa geti. Popita ndi pobwera aliyense aziyenda yekha. Sindikufuna anthu azinena kuti ndinalowera pa windo chifukwa cha amuna anga."

"Ndikufunseni ine?" anaseka a Chakanidwa. "Msoko wanu ndikhoza kuudziwa ngakhale magetsi atazima."

Mayiwo anangowayang'ana pamwamba pa magalasi.

Lolemba oyesedwa anabwera atatu. A Chakanidwa anawasuzumira pa chitseko: akazi awo atakhala tsonga ngati mwana wa sukulu tsiku loyamba, mtsikana wina wongomaliza kumene maphunziro a zosokasoka, ndi chibambo china chandevu, cha manja ngati mafosholo, chimene chinali mlonda kale n'kutopa ndi kuima. Masana a kapitawo analowa ndi mitolo itatu, nambala seveni, eyiti ndi naini, n'kuiunjika pa tebulo.

Eyiti sanavute. Msoko wake unali wa kusukulu, wamantha koma wolondola, wofanana ndi chitsanzo ngati mapasa. "Mtsikana uja," anatero chamumtima, n'kudinda chobiriwira.

Atamasula Naini, mtima wawo unagwa. Misoko inkayenda ngati munthu wochokera ku mowa. Ulusi unali lendelende paliponse. Pa buluku lachitatu zinkaoneka poyera kuti makina anathawa, wosoka n'kuwathamangira, n'kuwapeza atafika kale m'tchire. A Chakanidwa anavula magalasi. Anaona m'maganizo phazi la akazi awo, lozolowera kupalasa pang'onopang'ono, litaponda chopondera cha magetsi. Anaona thukuta pa mphumi pawo.

"Ndi iwowa," ananong'ona. "Mayo ine, ndi iwowa."

Anatenga chofiira. Anakumbukira khonde lija, makina akufa aja, ndi manja aja ali pamwendo. Anachibweza chidindocho. Anadzuka, n'kutseka chitseko mwakachetechete ngati wakuba m'nyumba yake yomwe. Kenako anatenga kasizasi, n'kuyamba kudula ulusi wolendewera umodziumodzi. Pamene msoko unasochera kwambiri anaumasula, n'kuusokanso pamanja ndi singano, lilime lili panja. Atamaliza anadinda chobiriwira mofulumira, maso ali kumbali.

Seveni anaumasula ali ndi mkwiyo wa munthu amene wangochimwa kumene. Koma misoko yake inali yowongoka ngati yojambula ndi rula. Anakoka, sinasunthe. Anatembenuza, osapeza ngakhale kaulusi kamodzi. Zinayamba kuwanyansa. Ndiye anafika pa matumba. Pa ngodya iliyonse ya kukamwa kwa thumba panali kamsoko ka makona atatu, kakang'ono ngati chikhadabo, ndipo pansi pa thumba panadutsidwa kawiri. Anayang'ana chitsanzo kukhoma. Kunalibe zimenezo.

"Ehe! Wodziwadziwa uja ndi ameneyu," anatero mokweza. "Wandevu. Wangobwera lero, akufuna kutiphunzitsa ntchito."

Chofiira chinatera ndi mphamvu mpaka tepi inadumpha pa tebulo. Pamenepo mtima wawo unakhala m'malo. Anali akadali a Chakanidwa.

Madzulo amenewo mayiwo sanalankhule zambiri. Mwamuna wawo anati ndi kutopa, ndipo anawathirira yekha madzi osamba m'manja, zimene sanachitepo chikwatirane.

Lachiwiri Naini anafika ataipiratu. Zipi ina inali yokhota ngati ikufuna kufunsa funso. A Chakanidwa anathera nthawi yonse ya nkhomaliro akukonza, chitseko chili chokhoma. A kapitawo anagogoda.

"Bambo, lero simukudya?"

"M'mimba, bwana. Mukuvuta pang'ono."

"Nanga mwakhomeranji? M'mimba mukafuna kutuluka msanga mudzatani?"

Seveni naye sanamve. M'malo mochotsa timakona tija, anatikulitsa, n'kutidutsa kawiri, n'kuwonjezanso tina pa timalupu ta lamba.

"Mwano uwu," anatero a Chakanidwa. "Munthu wapatsidwa chofiira, iye n'kuwonjezera dala?" Anadinda kachiwiri, mtima uli mbee.

Madzulo akumwa tiyi, mayiwo anaphwanya lamulo lawo lomwe, koma chambali.

"Abambo, magalasi anuwa simukufunika kusintha? Maso anu akuona bwinobwino masiku ano?"

A Chakanidwa anamwetulira. Anaganiza kuti mayiwo azindikira chifundo chimene chikuchitika m'kachipinda kaja, ndipo akuchita manyazi kuthokoza.

"Amayi, musadandaule. Chilichonse chimene ndikuchita kumene kuja, ndikuchita ndikudziwa."

Mayiwo anaika kapu pa tebulo mwamphamvu mpaka tiyi anatayikira m'sosala, n'kulowa kukhitchini. Mkuluyo anatsala akuimba kamluzu. Paja amati mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Lachitatu Naini anasinthako pang'ono. Mabuluku awiri mwa khumi anali owongoka ndithu, ndipo a Chakanidwa anawasisita monyadira. "Mukubwera, amayi, mukubwera," ananong'ona uku akudula ulusi wa enawo.

Seveni anali atalimbitsa matumba moti ukanatha kusungamo njerwa. Apa mkuluyo anaima kaye. Anadziwa kuti ichi ndi chachitatu, ndipo wina apita kwawo lero. Anayendetsa chala pa kamsoko kaja. Kunena zoona kanali kokongola, kosalala ngati kanamera pomwepo. Koma chitsanzo chinali kukhoma, chikuwayang'ana.

"Wandevu abwerere ku geti," anatero. "Kumeneko kulibe chitsanzo." Chofiira chinatera kachitatu.

Poweruka anadutsira pa golosale n'kugula paketi ya mabisiketi a kirimu, aja mayiwo amakonda koma amati ndi a ana. Dzuwa linali lisanalowe pamene anafika kunyumba. Anapeza mayiwo ayala bulangete pa tebulo la pabalaza, akusita mabuluku a amuna awo. Pa mpando panali epuloni ya ku fakitale, yopindidwa bwinobwino, sizasi yawo ili pamwamba.

"Mwaibweretsa kudzachapa?" anafunsa mkuluyo, akuika mabisiketi pa tebulo. "Tamverani, amayi. Kwatsala masiku awiri okha. Ine ndikuti mwapambana kale."

Mayiwo anaimika simbi.

"Abambo, mukundiseka?"

"Kukusekani?"

"A kapitawo andiuza kuti mawa ndisabwere. Zofiira zakwana zitatu."

"Zofiira? Ayi, pali kulakwitsa. Naini sanalandirepo chofiira ngakhale chimodzi. Ine ndemwe ndakhala ndiku..." Anadziluma lilime, koma mawu anali atatuluka kale.

"Naini ndi ndani?"

"Si inu?"

"Ine ndine Seveni."

A Chakanidwa anafufuza mpando ndi dzanja, n'kukhalira epuloni ija. Sizasi inagwa pansi, palibe anaitola.

"Seveni si wandevu?"

"Wandevu ndi Naini. Amakhala pafupi nane. Tsiku lililonse amadabwa yekha. Dzulo amandiuza kuti, 'Mayi, ine pemphero langa ndi lamphamvu. Ndimapereka mabuluku ali ndi ndevu ngati ine, amabwerako atametedwa.'" Mayiwo anaika manja m'chiuno. "Tsopano malizani. Mwakhala mukutani?"

Panalibe pothawira. Anafotokoza zonse: chitseko chokhoma, kasizasi, singano, nkhomaliro zosadyedwa, bodza la m'mimba. Ankayembekeza kuti mwina penapake mayiwo aona chikondi chimene chinali m'nkhaniyo. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako analankhula motsitsa mawu.

"Ndiye kuti munayala ntchito ya anthu atatu pa tebulo, n'kusankha yoipitsitsa, n'kunena kuti, akazi anga ndi awa."

"Amayi, si choncho. Ndimaganiza za makina amagetsi..."

"Makinawo ndinawazolowera tiyi wa m'mawa asanafike. Ndi galu wa mavu uja mumanena? Ndi kamwana ka mphaka."

"Ndimafuna kukuthandizani."

"Mwathandiza wandevu. Mukamuuze, mwina akuphikirani."

Kunja mwana wa aneba ankamenya mpira kukhoma. A Chakanidwa anayang'ana mabisiketi aja ngati angawalankhulire.

"Chabwino," anatero mayiwo. "Ntchito yatha, lamulo lathanso. Tandiuzani chimene ndinalakwitsa. Lolemba ndinaunguza mtolo wonse, osapeza kanthu. Ndinati mwina bamboyu akuona kuti matumba sanalimbe, ndiye ndinawalimbitsa. Chofiira. Ndinati kapena sizinakwane, ndinawonjezera. Chofiiranso. Anzanga a m'mizere ndikawafunsa amangoti, 'Mayi, amuna anu saulula, ife tinazolowera.' Ndiye lero muulule."

"Ndi timakona tija," anatero mkuluyo ndi mawu aang'ono. "Ta pa matumba. Pa chitsanzo palibe. Sindinationepo chibadwire."

"Simunationepo."

"Ayi ndithu."

Mayiwo anatenga buluku limene amasita, likadali lotentha, n'kuwaponyera pamwendo.

"Tembenuzani thumba."

Anatembenuza. Pa ngodya iliyonse panali kamsoko ka makona atatu, kakang'ono ngati chikhadabo. Pansi pa thumba panadutsidwa kawiri.

"Limene mwavalalo."

Anaimirira, n'kutulutsa makiyi, mpango ndi cholembera, n'kukokera matumba onse awiri kunja. Anaima choncho pakati pa balaza, matumba ali lendelende ngati makutu a mbuzi. Timakona tinalipo.

"La suti ya ukwati lilinso nato. Buluku lililonse limene munagulapo, lisanafike pa thupi lanu limayamba ladutsa m'manja mwanga. Mumayenda ndi makiyi ngati woyang'anira ndende. Munamvapo thumba lanu litabooka?"

"Ndimayesa... ndimayesa ndimagula mabuluku abwino."

Mayiwo anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu amene misozi ili pafupi.

"Mumaona batani la mkamwini ali uko, koma thumba limene dzanja lanu limagonamo tsiku ndi tsiku simunaliyang'anepo."

Anatenganso simbi n'kupitiriza kusita. A Chakanidwa anayesa kunena kuti mawa akalankhula ndi a kapitawo. Mayiwo anati asavutike, iwo sabwerera kumene anathamangitsidwa, ndipo khonde silinawakanepo. Mabisiketi anakhala pa tebulo osatsegulidwa.

M'mawa mwake mkuluyo anatuluka m'nyumba kusanayere bwino, atavala buluku lawo lakale kwambiri, ena awiri atawakulunga m'pepala kukhwapa. Anakadikira pa khomo la ofesi ya a kapitawo mpaka mwiniwake anafika ndi makiyi.

"Bambo, kwagwanji? M'mimba muja?"

"Bwana, ndabwera kudzadzinenera."

Anayamba ndi za Naini, poti ndizo zinali zolemera. A kapitawo anamvetsera kukamwa kuli yasa. Atamva kuti mkuluyo wakhala masiku atatu akusokera bambo wandevu mwachikondi, akunong'ona kuti "mukubwera, amayi," anagwira tebulo, n'kuseka mpaka anakhala pansi, n'kupukuta maso ndi kolala.

"Pepani, bambo, si zoseketsa. Ndi mlandu waukulu umenewu." Anasekanso. "Pitirizani."

A Chakanidwa anakatenga chitsanzo kukhoma kuja, ndi buluku limodzi la mu mtolo wa Seveni. Anapisa chibakera m'thumba la chitsanzo n'kukankha kamodzi. Ngodya inati phwee. Kenako anapereka mbali imodzi ya thumba la Seveni kwa a kapitawo, iwo n'kugwira inayo.

"Kokani, bwana."

Anakokana ngati ana olimbirana nsalu, mayi wamtali uko, kamdala kafupi uku, mpaka mkuluyo anatsetsereka n'kukagunda kabati. Thumba silinasunthe. Ali wefuwefu, anamasula pepala lija, n'kuyala mabuluku awo akale pa tebulo la abwana, matumba ali kunja.

"Ili lili ndi zaka khumi ndi zisanu. Nsalu yatha m'maondo, koma onani thumba."

A kapitawo analiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kuseka kunali kutatha.

"Mukudziwa kuti makampani a alonda akhala akudandaula za matumba? Amati tochi ndi makiyi zimagwera m'nsapato. Ine ndimayesa ndi nsalu." Anawayang'ana. "Ndiye inu zaka zonsezi mumadinda chobiriwira matumba obooka?"

"Amafanana ndi chitsanzo, bwana."

"Mmm. Mverani tsono. Wandevu ayambiranso sabata yake, ndipo mitolo yake ndiziyang'ana ndekha, kuopa mungamukwatire. Inu mulemba kalata yofotokoza zimene munachita, ikhala mu failo yanu. Kuyambira lero, mukadinda chofiira muzilemba chifukwa chake pansi, ndi dzanja lanu."

"Chifukwa chake, bwana? Pa mtolo uliwonse?"

"Uliwonse. Za chitsanzo ndikambirana ndi akuluakulu. Koma amayi aja ndikuwafuna pa makina belu la tiyi lisanalire. Likalira iwo kulibe, ndiitana wina pa mndandanda, anthu ndi ambiri pa geti. Ndipo ine sindituma munthu. Amene anawathamangitsa akawatenge."

Matelala amene ankalowa pa geti nthawi imeneyo anaona chinthu chimene sanachionepo: a Chakanidwa akutuluka pa nthawi ya ntchito, theka kuyenda theka kuthamanga, malaya atapisuka kumbuyo, thumba limodzi lili kunja.

Anapeza mayiwo akusesa pabwalo, atamanga mpango kumutu. Anafotokoza ali chiimire, mawu akudukaduka: chitsanzo chang'ambika, a kapitawo akoka, kabati, kalata ya mu failo, belu la tiyi. Mayiwo sanasiye kusesa.

"Kalata mu failo yanu? Failo yoyera ija mumanyadira?"

"Yomweyo."

"Munawauza zonse? Ndi za wandevu zomwe?"

"Zonse. Anaseka mpaka kukhala pansi."

Tsache linaima pang'ono, kenako linapitiriza.

"Amayi, chonde. Nthawi."

"Mukuona ndayamba kusesa. Ine sindisiya ntchito pakati."

A Chakanidwa anayang'ana wotchi, n'kuyang'ana bwalo. Linali lisanafike ndi theka lomwe. Anatambasula manja onse awiri, ngati wolandira mphatso kwa apongozi, ndipo mayiwo atawayang'ana kwa kanthawi anawapatsa tsachelo. Analowa m'nyumba osafulumira, akumasula mpango.

Mkuluyo anawerama n'kuyamba kusesa, fumbi lili koboo kulowera kumene linachokera. Mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pa mpanda, mswachi uli kukamwa.

"Aneba, lero holide?"

"Ntchito, mayi, ntchito."

Anasesa mizere itatu, n'kuyang'ananso wotchi.

"Amayi! Belutu lija!"

M'nyumba munamveka chitseko cha kabati ya zovala chikutseguka, kenako phokoso la paketi ikung'ambidwa. Mawu anatulukira pa windo, a munthu amene ali ndi kanthu m'kamwa.

"Ndikuvala. Musese ndi kuseri komwe."